Chitseko cha Mbali ya Amayi

Lolemba, 5 Meyi

Mdala walira lero. Kutsokomola pang'ono, kenaka zii. Utsi wakuda bwalo lonse, zovala za akunyumba pachingwe kununkha petulo.

Ndilembe bwinobwino, mwina mutu ungakhazikike. Mdala ndi galimoto ya malemu Bambo. Mlendo ndi inzake ya mtundu womwewo, penti yomweyo, imene ndidagula ili yakufa kale kuti ndizichotsako zitsulo. Zonse zili kuseri kwa nyumba, Mdala pa matayala, Mlendo pa njerwa.

Nkhani ziwiri tsiku limodzi. Eni nyumba akuti bwalo lawo si garaja, imodzi ichoke mwezi uno usanathe. Kenaka foni ya achemwali: Amayi abwera Lamlungu la pa 18, adzadikirira kuno opaleshoni ya maso. Akufuna kukwera galimoto ya amuna awo. "Ngati ikadalipo," achemwali adatero. "Anthu akuti ukuigulitsa chidutswachidutswa."

Anthu ake ati? Ine wogulitsa? Ine woyenda ndi nsapato yoyasamula chifukwa cha mapulagi? Zandiwawa. Choipa kwambiri, Amayi akuti adamva nawo mphekeserayo ndipo adangokhala chete. Kukhala chete kwa Amayi ndimakudziwa ine.

Ayenera kuikwera ikuyenda bwinobwino, adzione okha kuti ndaisunga. Ndalemba kuti adzione. Ndi maso ali mbuu aja, adzaona bwanji, kaya.

Lachitatu, 7 Meyi

Kabureta ya Mlendo ndaika mwa Mdala. Pomasula ndaona pambali kachizindikiro kanga kofiira kamene ndimaika pa zitsulo za Mdala. Ndiye kuti idali ya Mdala kale, ndidaisamutsa chaka chatha n'kuiwala. Nanga imene ndachotsa leroyi ndi ya ndani?

Redieta ndikudziwa, ya Mlendo. Sitata ya Mlendo. Nyali yakumanzere, sindikukumbuka. Mabawuti onse ali m'beseni limodzi, lomwe lija akunyumba akhala akulifunafuna kuyambira Marichi. Andipeza nditagwada ndikusanthula. Adangoti, "Mapanga awiri avumbwitsa, bambo," n'kukhuthulira mabawuti pansi, beseni m'manja, ulendo.

Kuntchito ndasainira kalata ndi chala cha girizi. Abwana ayang'ana kalata, ayang'ana ine.

Loweruka, 10 Meyi

Wayenda! Kutuluka pageti, kudutsa pamaokala, mpaka kumlatho n'kubwerera. Magiya onse kulowa, mabuleki kugwira.

Koma kaphokoso kaja kalipobe. M'chitseko chakutsogolo, mbali imene ankakhala Amayi. Ukagunda kadzenje, ngwe-ngwe-ngwe, kenaka chete. Ndakula nako kaphokoso kameneka, ndili kumpando wakumbuyo miyendo isanafike pansi. Chitsekocho nachonso n'chogwa. Kuti chitseguke uyenera kuchinyamula ndi bondo uku ukukoka chogwirira.

Chimene sindimvetsa n'chakuti Bambo adali munthu wosapirira ngakhale sikuluwu yolenda. Wailesi ikangoti pwerr, aimasula yonse patebulo. Koma chitseko ichi adangochisiya zaka zonsezo. Ulesi? Bambo? Ayi. Mwina chidawakanika ndipo manyazi adawagwira kunena.

Basi, chimene chidakanika bambo mwana amalize. Amayi asadzavutike ndi bondo pa msinkhu wawowu, asadzamvenso zogobedeka ngati akwera ngolo.

Lachiwiri, 13 Meyi

Ndamasula chikuto cham'kati cha chitseko. Fumbi, nyumba ya mavu yakale, dzimbiri. Tochi m'kamwa, mutu m'chitseko, palibe chooneka. Ndikagwedeza, ngwe-ngwe, pansi pangodya penipeni pamene malata awiri adapindirana. Dzanja silifikapo, ndadzicheka pachabe.

Ndamangirira maginito kuwaya n'kuwatsitsira m'menemo. Atuluka ndi zinyenyeswa za dzimbiri ndi kamsomali. Ndati eya, ndakugwira. Kugwedeza: ngwe-ngwe. Kutsitsanso, kutsitsanso, mpaka msana kuwawa. Chitsulo chanji chokana maginito?

Wowotcherera wa kuseri kwa mpanda wasuzumira. Akuti, "Ndipatseni ndichidule pansipa, chilichonse chili m'menemo chigwa chokha." Kudula chitseko cha Bambo ndi moto? Ndamuthokoza basi.

Ndabwezeretsa chikuto. Masikuluwu awiri atsala m'manja, malo ake sindikuwaona.

Lachinayi, 15 Meyi

Nzeru yandibwerera ndili m'bafa. Ndikuvutikiranji, Mlendo ali pomwepa ndi chitseko chabwinobwino, penti yofanana?

Ndatenga hafu deyi. Kusintha zitseko wekha si masewera, chimalemera ngati thumba la simenti. Jeke pansi, thabwa pamwamba, akunyumba kugwirizira uku akudandaula za zikhadabo. Dzuwa lisanalowe cha Mlendo chili pa Mdala. Chimatseguka ndi chala chimodzi, kutseka kwake kofewa. Ndayenda mpaka kumlatho, ndikusankha dala maenje. Zii. Kungomveka injini yokha.

Chakale ndachikoleka pa Mlendo ndi waya.

Ndiyenera kukondwa. Ndakondwadi. Koma pobwerera ndimangocheukira kumanzere, ngati wina watsika osatsazika. Mwina n'kutopa.

Loweruka, 17 Meyi

Wa sikirapu wabwera ndi lole. Munthu wamfupi, chipewa chaubweya dzuwa lonseli, akungogogoda Mlendo ndi kiyi ngati akusankha chivwende. Akoka ndi tcheni, njerwa kugumuka, chitseko chija chikulendewera pawaya. Pokwera pathabwa chidalira, ngwe-ngwe-ngwe. Ndidaseka n'kunena kuti pita nalo phokoso lako.

Pamene padali Mlendo patsala udzu woyera ndi banga la oyilo. Eni nyumba adutsa, agwedeza mutu movomereza. Mdala ndamutsuka, ndamupaka polishi, matayala ndadetsa. Akuwala ngati wa ukwati. Achemwali abwere adzameze mawu awo.

Lamlungu, 18 Meyi

Sindikudziwa poyambira.

Afika masana. Amayi achepa thupi, akuyenda dzanja lili paphewa la achemwali. Asanamwe n'madzi omwe, akuti ili kuti. Ndawatsogolera. Asisita boneti, asisita galasi lam'mbali, nkhope ikumasuka. Pachitseko chawo aima, agwira chogwirira, akweza bondo monga kale. Chitseko chatseguka chokha, iwo dzandidzandi, ndikadapanda kuwagwira akadagwa chagada.

Alowa, akhala, chikwama pamiyendo.

Tanyamuka. Ine kulongosola za kabureta, za mabuleki, ngati wotsatsa malonda. Iwo mutu apendekera kuchitseko. Dzenje loyamba, zii. Lachiwiri, zii. Tisanafike kumlatho adati, "Tibwerere, mwanawe." Potsika adasisitanso mpando n'kunena mwaulemu, ngati kwa mlendo, "Galimoto yabwino. Ndi ya ndani?"

Ndi ya ndani.

Ndati ndi ya Bambo, Amayi, yomwe ija. Ndawagwiritsa nambala yakutsogolo, zala zawo zikuyenda pa chilembo chilichonse. Ndawagwiritsa chiwongolero chimene Bambo adakulunga ndi chikopa. Adangoti, "Chabwino," n'kupempha kukagona. Achemwali pokwera basi adandiyang'ana diso limodzi lija. "Nambala amasamutsa," adatero.

Ndakhala m'galimoto mpaka akunyumba kudzandiitana. Ndalakwa pati? Ndakonza. Kukonza ndiye kulakwa?

Lolemba, 19 Meyi

Amayi sadatuluke m'chipinda, akuti mutu. Akadya pang'ono, akukankha mbale. Ndikalowa amandiyankha bwinobwino, moni ndi zikomo, ngati ndine kondakitala. Bola akadandikalipira.

Kuntchito mutu sumagwira. Ndaganiza kuti ngati vuto ndi phokoso, phokoso si nkhani. Madzulo ndaponya nati m'chitseko chatsopano kudzera mumpata wa galasi. Gobede-gobede, yaikulu kwambiri. Ndaivuula ndi maginito, ndaponya yaing'ono. Kenaka washala. Akunyumba aima pakhomo, manja m'chiuno: "Sabata yatha mumachotsa phokoso, sabata ino mukuthira phokoso. Ndikaitane ndani, makaniko kapena dokotala?"

Yaing'onoyo ikumveka pafupifupi. Ndikuganiza choncho. Kunena zoona, kalilidwe kenikeni kaja ndayamba kukaiwala.

Lachiwiri, 20 Meyi

Ndawanyengerera Amayi kuti tiyendeko pang'ono, mphepo iwawombe. Avomera chifukwa cha ulemu. Pa dzenje la pageti pomwe adati, "Iyo ndi nati." Manyazi ake, ndikadatha kulowa pansi pa mpando.

Zenizeni ndazimva kwa akunyumba, Amayi adawauza powathira mankhwala m'maso. M'chitseko chija muli mphete ya ukwati ya Amayi. Tsiku limene ndinkabadwa ine, zala zidawatupa, adaivula n'kuigwira m'manja. Bambo akuthamangitsa galimoto kuchipatala, iwo atagwira pazenera, ululu udabwera, dzanja lidatseguka, mphete n'kutsetserekera mumpata wa galasi. Pambuyo pake Bambo adayesa kuitulutsa, osatheka popanda kudula. Ndiye adati, "Isiyeni momwemo, mayi. Palibe wakuba adzaipeze, ndipo tizingoimva kuti ilipo."

N'chifukwa chake maginito ankabwerako chimanjamanja. Mphete ya golide si chitsulo wamba. Ndidali nayo pafupi chonchi, tochi m'kamwa, ndikuitukwana.

Zaka zonsezi bwanji osandiuza? Akunyumba akuti nawonso adafunsa, Amayi n'kuyankha kuti zina ndi za anthu awiri. Nanga ine bwanji sindidafunse? Safunsa adadya phula. Ndipo akuti Amayi ali ndi mantha ndi opaleshoni ya Lachisanu, sakugona, ankafuna kuimva kaye asanalowe m'chipinda cha madokotala.

Sindinawauze Amayi kumene kuli chitseko. Ndiwauza bwanji kuti ndidachiseka chikukwera lole?

Lachitatu, 21 Meyi

Kuntchito ndanama kuti m'mimba. M'mawa ndili kwa wa sikirapu. Mlendo kulibenso. Denga uko, buti uko, atamudula kale. Wa sikirapu akuti zitseko sadula, amaunjika kuseri kwa shedi kudikira ozifuna. "Dzulo mwatigulitsa, lero mwatisowa," adandiseka.

Kuseriko zitseko mulu, zotsamirana ngati mbale pa thandala. Za mtundu wa Mdala zambirimbiri, penti yomwe ija yofwifwa ndi dzuwa, zikuto zam'kati adasupula zonse. Ndimati ndichizindikira ndi maso. Chitseko chimene ndachiona moyo wanga wonse! Ayi ndithu, zonse nkhope imodzi.

Ndiye kunyamula chimodzichimodzi, khutu pa lata, kugwedeza. Munthu wamkulu, malaya a kuofesi, kuvina ndi zitseko padzuwa. Odula zitsulo adasiya ntchito kuti andionerere. Zambiri zii. Zina mchenga waa. Ziwiri zidalira, zonse pangodya yapansi, zonse zokana maginito.

Ndagwedeza ichi, ndagwedeza icho, mpaka makutu kulira okha. China chikumveka chopyapyala pang'ono. Kapena ndi chinacho. Ndatenga zonse ziwiri, ndamanga padenga la Mdala. Njira yonse ngwe-ngwe kawiri pamutu panga.

Lachinayi, 22 Meyi

Ndawauza Amayi zonse m'mawa, nditakhala pansi pafupi ndi bedi. Sadandikalipire. Adafunsa kuti, "Ndiye sudagulitse galimoto?" Ndati ayi, Amayi, chitseko chokha, ndipo mwina ndachipeza. Adapuma mpweya wautali n'kundigwira kumutu, koyamba chibwerereni.

Akunyumba atulutsa mpando pabwalo. Amayi akhala, maso atseka, ngakhale kutsekako sikusintha kanthu. Ndanyamula choyamba, ndagwedeza. Ngwe-ngwe. Chachiwiri. Ngwe-ngwe. Akuti bwereza, koma usagwedeze ngati ukupeta, chita ngati dzenje. Ndachigunditsa pansi pang'ono. Choyamba. Chachiwiri. Dzanja lawo m'mwamba. "Ndi imeneyo."

Ndidati ndithamangire wowotcherera, tidule pangodya, mawa alowe m'chipatala mphete ili kuchala. Adandigwira malaya. "Usadule. Bwezera pamalo pake."

Ndati nanga tidziwa bwanji kuti ndi mpheteyo, mwina ndi kabatani kapena kamwala? Akuti, "Iwe ndiye sukudziwa."

Ndamanga madzulo onse. Chofewa chija ndachotsa, ndaika ichi. Chikugwa, chikufuna bondo. Koma kaya n'chifukwa ndi chomwe chija, kaya ndine ndamanga mokhota pofulumira, sindingalumbire. Chinacho ndachitsamiritsa kukhoma. Nachonso chimalira. Kuchitaya sindingathe, eni nyumba anene zimene anene.

Lachisanu, 23 Meyi

M'mawa. Oyilo ndaona, madzi ndaona. Chikwama cha kuchipatala chili kumbuyo. Adya phala lonse, apemphanso tiyi.

Ndimati tidzere msewu watsopano, wosalala. Akuti ayi, wa kumlatho, wa maenje.

Ndikadali ndi funso lija m'mutu, mwina ndidzafa nalo. Sipanala ya teni sindikuionanso, mwina ndaitsekera m'chi

Hutala. Ali kale m'galimoto, atsegula okha ndi bondo.