Batani Limodzi la Laputopu ya Kaunjika

Lachinayi. Ndatopa, koma kukhosi kuli mbee.

Kuyambira m'mawa seva, kompyuta yaikulu yomwe timaikako mapulogalamu, imakana pasiwedi yanga, ndiye pulogalamu ya malonda ya bambo Yusufu, a holoselo ku Limbe, ndimalephera kuitumiza. Iwo foni ulendo ndi ulendo: "Achimwene, makasitomala ali pamzere kuno." Anzanga mu ofesi amati tiimbire eni seva kunja. Ndinakana.

Seva siionetsa zomwe ukulemba, choncho masana ndinalemba pasiwediyo pena pomwe zilembo zimaoneka. Ndikadina @ pamatuluka chizindikiro china. Laputopu yanga ya kaunjikayi mabatani ake ndi osemphana. Nditakonza, seva inatseguka kamodzin'kamodzi.

Bambo Yusufu akuti ndine katswiri. Sindinawatsutse. Zoti linali batani limodzi, mwina ndidzawauza, koma osati sabata ino…