Chilungulira chinatha, koma mayi ndi mkazi wanga akundimwetsabe mankhwala

Aphungu,

Ndine wometa tsitsi, ndipo mavuto anga anayamba ndi chilungulira. Ndikadya, pachifuwa pankatentha ngati ndameza khala la moto, kenako kugeya. Ntchito yathu mukuidziwa, pakamwa pamakhala pafupi ndi khutu la munthu. Tsiku lina ndinageyera mphunzitsi wamkulu, iye n'kundifunsa mwaulemu ngati makina anga akufuna mafuta.

Mkazi wanga anandigulira mankhwala amadzi, oyera ngati mkaka, ndipo ankandithandiza ndithu. Kenako mayi anga anabwera kudzacheza. Ataona botololo pawindo analinunkhiza, n'kunena kuti mwana wawo sangachire ndi laimu wopaka khoma. Anatulutsa makapisozi omwe adokotala anawalembera iwowo, n'kulamula kuti ndizimeza nthawi iliyonse ndikamaliza kudya.

Ine ndine munthu wamtendere. Ndimameza kapisozi pabalaza mayi akuonerera, kenako ndimalowa kuchipinda ngati ndikukafuna sokosi, n'kupeza mkazi wanga atagwira kale supuni. Kuntchito nako kasitomala wina woyendetsa lole amandigawira timapiritsi take ta chilungulira, ndipo poti amandiyang'anitsitsa pagalasi, ndimameza.

Chilungulira chinathadi, ndipo nkhondo inayambira pomwepo, chifukwa aliyense akuti wandichiritsa ndi iye. Mayi akadzitama kwa aneba, mkazi wanga amasintha supuni. Panopa tafika pa supuni yopakulira. M'mimba mwanga mwatseguka ngati mpopi. Dzulo ndinasiya abusa atametedwa mbali imodzi ndikuthamangira kuchimbudzi, ndipo pobwerako ndinapeza apita, atabwereka chipewa changa.

Ndinayesa kulengeza kuti ndachira. Mayi anafunsa kuti, "Wachira ndi ati?" Mkazi wanga anatseka madzi pasinki kuti amve bwino yankho. Ine ndinangoyamba kutsokomola.

Ndikasiya botolo, banja ligwedezeka. Ndikasiya makapisozi, mayi alongedza katundu akulira. Zikundimvetsa chisoni chifukwa onse awiri amandikonda. Ndiuzeni, amphamvu ndi ati, kuti ndikanene kuti mwatero ndinu?

G.T.N., kuseri kwa msika

A G.T.N.,

Mukufuna kubisala kumbuyo kwanga, koma ndakana. Mimba yanu mwaisandutsa bwalo la mpira, ndipo amene akuvulala ndi bwalolo.

Mapaketiwo sindinawaone, koma ngati ndamva bwino, mankhwalawa sakupikisana, ntchito zawo n'zosiyana. Amadzi aja amazimitsa asidi yemwe watuluka kale m'mimba. Amagwira msanga, mphamvu yake n'kutha msanganso, ndipo ena mwa iwo mukawachulukitsa amatsekula m'mimba. Amene anathawitsa abusa ayenera kuti ndi supuni yopakulirayo. Makapisozi amachepetsa asidi yemwe mimba imapanga. Amatenga masiku kuti agwire bwino, ndipo kawirikawiri amamwedwa kamodzi patsiku, m'mawa musanadye, osati mmene akuchitira mayimu. Timapiritsi ta dalaivala mwina tili pakati: timachedwerapo kugwira, koma timakhalitsa kuposa amadzi. Alipo anthu amene adokotala amawaphatikizira mitundu iwiri, koma amatero atamuyeza munthu, osati poopa nkhope ya mayi kapena ya mkazi wake.

Chitani izi. Za dalaivala siyani lero, ameneyo azingometedwa. Makapisozi abwezereni mayi, ndi awo, ndipo mukamawathera iwo atsala opanda mankhwala. Mukawauza choncho mwaulemu, n'kuwathokoza, misozi ichepa. Supuni yopakulira ibwerere kukhitchini. Kenako ikani botolo ndi mapaketi onse m'jumbo, mupite nazo kuchipatala kapena ku famase, mukanene zonse mosabisa, ndi kuchuluka komwe mwakhala mukumwa. Mukanenenso ngati pali mankhwala ena amene mumamwa, chifukwa amadziwo amatha kuwasokoneza. Chilungulira chikabwerera pang'ono mutasiya makapisozi musadabwe, zimachitika, ndipo akakuuzani chochita.

Muzidya pang'onopang'ono, muchepetse zamafuta ndi tsabola, ndipo musamagone kapena kuweramira mutu wa munthu mutangokhuta. Kunyumbako mulankhule kamodzi, onse awiri ali pompo, kuti onse anakuthandizani ndipo tsopano mutsatira za adokotala. Mwamuna wamkulu ngati inu kutsokomola m'malo moyankha n'zochititsa manyazi.

Koma apa ndisiye nthabwala. Mukamva kupweteka pachifuwa kofika kumkono kapena kunsagwada, mukasanza magazi, chimbudzi chikada bii, chakudya chikamakanirira pakhosi, kapena mukamaonda osadziwa chifukwa, thamangirani kuchipatala osadikira chilolezo cha aliyense. Ulendo wa jumbo uja wokha mupite nokha. Mukawatenga onse awiri, amene atuluke ndi chilungulira ndi adokotala.