Akazi anga ndi mawu a kumjigo

Lachiwiri, mwezi wa Okutobala. Kwatentha kwambiri, ndipo mtima wanga sunakhale pansi.

M'bandakucha akazi anga, Abiti Saidi, anatulukanso osandidzutsa. Anthu anawapeza ataima pakhomo pa a Matope, oyandikana nafe, akuitana apongozi anga, mayi awo amene tinawaika kalekale. Kumjigo amayi ayamba kunena kuti woitana akufa ndi mfiti. Mwana wa a Matope akudwala. Ndikudziwa zimene anthu amachitira nkhalamba mawu otere akakula.

Sindinapemphepo munthu thandizo pa za m'nyumba mwanga. Lero ndinapalasa njinga mpaka kuchipatala ku Lirangwe. Sindinadziwe khomo loti ndigogode, pakuti akazi anga alibe bala kapena malungo. Mlonda anandilozera kwa mlangizi wa zaumoyo, mayi wachichepere.

"Agogo, amenewo ndi matenda oiwalaiwala, amagwira okalamba," anatero. "Mubwere nawo adokotala adzawaone."

"Adokotala adzaona iwowo," ndinayankha. "Nanga amayi a kumjigo adzawaona ndani?"

Mlangiziyo analonjeza kuti adzabwera kumudzi kwathu pa tsiku la sikelo ya ana, adzawafotokozere amayi onse pamodzi, ndiponso adziwitsa apolisi a m'mudzi.

Sikeloyo ndi ya sabata yamawa. Madzulo ano a Matope anadutsa osapereka moni, koma Abiti Saidi anawaitana mokondwa kuti adzamwe tiyi. Ndayala mphasa yanga mopingasa pakhomo, kuti akazi anga akafuna kutuluka ayambe aponda ine. Ndikupempha Mulungu kuti mwana uja achire msanga, chifukwa akapanda kuchira...