Batani la Mlendo Wolemekezeka

Lolemba, 3 Febuluwale

Mvula kuyambira dzulo. Nsapato zanyowanso. Ndodo yoyezera madzi pamlatho: mzere wachikasu. Wofiira ukadali patali.

Sayirini yatha kuikidwa. Zaka zonsezi ndikuyeza mtsinje uno, kulemba malipoti amene amakathera pansi pa mwendo wa tebulo kuti lisagwedere, lero tili ndi chinthu cholira. Mtengo wachitsulo pamlatho, malipenga pamwamba pake, batani lofiira muofesi muno. Madzi akafika pa mzere wofiira ndidina, anthu akumunsi athawira kumtunda. Basi. Ngakhale mwana angamvetse.

Koma a Ndondomeko. Bwana wathu, dzinali tinawapatsa chifukwa satha kumaliza chiganizo osatchula liwulo. Avundikira batani ndi kabokosi kagalasi. Loko. Riboni pamwamba. Kiyi m'thumba mwawo. "Woyamba kudina ndi mlendo wolemekezeka, Lachisanu. Zinthu zimayenda mwandondomeko." Ndafunsa zoti tiyese kaye ngati ikulira n'komwe. Andiyang'ana ngati ndapempha kulawa keke ya ukwati wa eni ake.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Kwa bambo, kumunsi. Ukakhala pakhonde mtsinje ukuuona, wofiirira, wathamanga. Ndawapempha abwere kwanga mpaka mvula ithe. Akana, monga chaka chatha, monga chaka chinacho. Makina osokera a malemu mayi angawasiyire ndani, makasitomala awo adzawapeza kuti, kwanga kuli masitepe ndipo bondo lawo silifuna masitepe.

Kenaka andimaliza. "A Dokotala, simwati mwaika chinthu cholira? Chikalira ndinyamuka. Chisanalire ndiye kuti madzi sanafike. Kapena sukulu ija inali yabodza?"

Amanditcha a Dokotala chitengereni digiri yoyamba. Sindine dokotala wa chilichonse. Auza msewu wonse kuti mwana wawo waika mlonda pamtsinje, anthu azigona mtima uli m'malo. Ndinanyada, ndisaname. Pokwera minibasi kunyada kuja kunasanduka mantha.

Sindinawauze za loko.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Mlendo sanabwere. Chifukwa: mvula.

Ndilembenso kuti ndikhulupirire. Mwambo wotsegulira chida chochenjeza za mvula walephereka chifukwa cha mvula. Chimwala, mnzanga wa za miyala ndi nthaka, waseka mpaka tiyi kutulukira m'mphuno.

Tenti anaimika pafupi ndi mlatho, yamira m'matope. Aisamutsira kubwalo la sukulu, paphiri, kuti galimoto ya mlendo isadzatitimire. Za galimoto amaganiza ndithu anthuwa.

Matisheti afika, makatoni kudzaza ngodya. Olembedwa pamsana: TIKHALE OKONZEKA. Awatsekera muofesi ya bwana.

Tsiku latsopano: Lachisanu likubwerali. Ndodo: chikasu chamira theka.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Mutu. Panado awiri, osathandiza.

Mayi athu a zofalitsa nkhani, a Chimkuzamawu, azungulira kumunsi konse ndi galimoto ya ofesi. Ndawamva ndekha ndili pamlatho ndi nsapato zanga zonyowa. "Anthu inu musavutike ndi masiku, akusinthasintha! Mukadzangomva sayirini ndiye kuti mlendo wafika! Thamangirani kubwalo la sukulu! Matisheti ndi a oyamba kufika!"

Ndinatsala pang'ono kugwera mumtsinje.

Kuofesi ndinawapeza akupaka milomo. Ndati mayi, mwauza anthu kuti kulira kwa ngozi ndi kulira kwa chisangalalo. Iwo osatekeseka: "Nanga anthu ndiwasonkhanitse bwanji, achemwali? Tenti yopanda anthu siioneka bwino pakanema."

Kwa a Ndondomeko. Ati tanthauzo lenileni la sayirini anthu adzafotokozeredwa pamwambo pomwepo, lili kale pa pulogalamu, pambuyo pa mawu a mlendo ndi mawu othokoza mawu a mlendo. Ati ndili ndi mtima wapachala. Ati asayansi vuto lathu n'lakuti sitidziwa kulandira alendo.

Ndatuluka osatseka chitseko. Ndi ukali wokhawo umene malipiro anga amandilola.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Kwa bambo. Nditalowa abisa msangamsanga chimene amasoka, kuchivundikira ndi nsalu ya kasitomala. Sindinafunse, ndinali ndi zanga.

Galimoto ija anaimva. "Ine zothamangira tisheti ayi. Ndine telala, ndimadzisokera. Bondo ili likwere phiri chifukwa cha malaya aulere? Ikalira ndidzakhala pompano, ndizidzamvera m'manja muli kuwombedwa."

Ndati bambo, ayi, ikalira thawani, osafunsa. Ati nanga amvere ndani, ine kapena galimoto ya ofesi yanga yomwe, yokhala ndi chizindikiro pachitseko? Ndati ine. Aseka. "A Dokotala, inu ndi akuluakulu anu kambiranani kaye, mudzandiuze chimodzi."

Poyamba ankadikira kuti ilire. Tsopano ngakhale italira sanyamuka. Tagwira ntchito yaikulu sabata ino.

Ndawagulira shuga ndi mafuta opaka pabondo. Ndabwerera wapansi theka la njira, mwezi ndi wautali.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Sanabwerenso. Akuti akukatsegulira dziwe losambiramo pahotela ina. Madzi ndi madzi, wati Chimwala, bola akuyandikira kuntchito yathu.

Koma masana sanaseke. Wabwera kuchokera kumtunda ndi matope mpaka m'chiuno. Nthaka yakhuta, wati, siingamwenso ngakhale supuni. Dontho lililonse logwa kumeneko likubwera kwa ife lathunthu.

Ndapempha kiyi. Osati kuti ndidine, kungomusunga. A Ndondomeko agwira thumba lawo ndi manja awiri. "Mukadina inu, mlendo adzabwera kudzatani? Kudzadina batani lodinidwa kale?"

Riboni yayamba kufumbwa. Atumiza munthu akagule ina.

Lachiwiri, 18 Febuluwale, m'mawa

Mvula siinasiye chiyambire Lamlungu. Pamlatho chikasu sichikuoneka. Pakati pa madzi ndi mzere wofiira pangokwana chikhatho changa. Mitengo yathunthu ikudutsa, nkhuku yakufa, chitseko cha winawake.

A Ndondomeko apita kumsonkhano wa kukonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi. Hotela yakutali, masiku angapo, ma alawansi. Foni yozima, akuti m'kati saloledwa. Kiyi wapita nawo.

Foni ya bambo yozimanso, kumunsi magetsi kulibe kuyambira dzulo.

Ndikadina ndachotsedwa ntchito, ndipo iwo sadzanyamuka. Ndikapanda kudina

Chimwala akuti kumtunda kwagumuka

Lachisanu, 21 Febuluwale

Za Lachiwiri lija, ndilembe tsopano.

Galasi ndinaswa ndi mwala wa Chimwala, uja amati ndi wakale kuposa phiri lililonse m'dziko, umene timatchingira chitseko kuti chisamenyeke. Kamodzi kokha. Riboni ndinangoikankhira pambali, sindinaidule, azidziwa zimenezo.

Inalira. Mayo ine, inalira! Mawindo kunjenjemera. Ndinayamba kulira nayo limodzi, chitsiru ine, ndinali ndisanaimvepo.

Kenaka liwiro, kutsetsereka kumunsi, Chimwala pambuyo. Msewu wonse anthu akukwera, ife tokha tikutsika. Azimayi atatchena, ana kumsana, maambulera. Anyamata akupikisana. Bambo wina akukuwira mkazi wake kuti akamutengere yaikulu, ya chaka chatha inamuthina. Ndikukuwa kuti ndi madzi, ndi madzi, wina nkundiyankha kuti, "Eya, mayi, ngakhale a m'botolo agawa!"

Kwa bambo madzi m'mawondo. Chitseko chongotseka. Ndinakankha. Mpando wawo ukuyandama, patapata imodzi ikuzungulira pakati pa nyumba. Iwo kulibe. Ndinaitana kuchipinda, kuseri, kuchimbudzi. Ndinaitana mpaka mawu kutha. Madzi anafika m'chiuno ndisakudziwa. Chimwala anandikoka ngati thumba, ndinamumenya, ndiyenera kukamupepesa.

Phiri ndinakwera bwanji sindikumbuka.

Pabwalo la sukulu anthu thithithi. Kumunsi konse kuli pamenepo, mpaka agogo osayenda anawanyamula, poti anamva kuti tisheti ndi ya munthu amene waoneka ndi maso. Onse ayang'ana tebulo lopanda kanthu kutsogolo kwa tenti. Mtsinje auyang'anitsa nkhongo.

Mzere woyamba, mpando wapakati. Jekete lakuda, tayi, nsapato zopolisha zodzaza matope, ndodo pakati pa miyendo. Jekete lija bambo anavala pamaliro a mayi, lokonzedwanso, kolala yatsopano. Ndi limene ankabisa lija.

"A Dokotala, mwanyowa chonchi mulankhula bwanji pamaso pa anthu? Ine ndinati tisheti ayi, koma mwana wanga akaimirira ndikhale kutsogolo."

Ndinagwada m'matope nkuwagwira miyendo. Ankandiuza kuti ndidzuke, anthu akuona.

Kenaka mwana wina anatembenuka nkukuwa. Onse anatembenuka. Kumunsi madenga okha.

Bambo anayang'ana nthawi yaitali. "Ndiye inali yeniyeni?" Ndinagwedeza mutu. Sananditchenso a Dokotala. "Iwe, ndikanadziwa ndikananyamula makina a mayi ako."

Palibe amene wafa. Ndi mmodzi yemwe. Ndikubwereza zimenezi tsiku lonse ngati mankhwala.

Lolemba, 24 Febuluwale

A Ndondomeko abwera, anenepa masaya. M'mawa pawailesi: "Ndondomeko yathu yapulumutsa miyoyo." A Chimkuzamawu akuti nzeru yosonkhanitsa anthu paphiri inali yawo, anachita kuiganizira. Mwina adzakakamba kumsonkhano wakunja.

Masana ine muofesi mwa a Ndondomeko, chitseko chotseka. Galasi ndinaswa ndi chilolezo cha ndani. Kodi ndikudziwa manyazi amene ndawapatsa kwa mlendo. Chigamulo: batani ndisaliyandikirenso, pamlatho apita wina, ine ndipume kaye kunyumba mpaka komiti ikhale pansi. Komiti ikhala pansi mwambo ukatha.

Bokosi latsopano lafika kale. Lachitsulo. Zimenezi ndiye sizinachedwe.

Anthu akugona m'makalasi ndi zovala zomwe anatchena tsiku lija, zina zonse zinapita. Ndati tiwagawire matisheti, n'ngouma, alipo makatoni. A Ndondomeko ati ayi, ndi a pamwambo, akavala lero Lachisanu adzaoneka akale.

Mayi wina wogulitsa makala wandiimitsa pageti la sukulu. Sanakuwe, bola akanakuwa. "Mukanatiuza zoona tikanatenga mabulangete ndi mbuzi. Tinakwera ndi maambulera."

Lachitatu, 26 Febuluwale

Bambo athawa kwanga. Ndabwera kuchokera kumsika ndapeza bedi loyalidwa bwinobwino. Madzi atsika, anthu ayamba kubwerera, nawonso abwerera. Masitepe anga akuti akuwapha kuposa mtsinje.

Galimoto ya ofesi yadutsanso kumunsi. Lachisanu lino mlendo akubwera ndithu, wachita kulonjeza. "Mukamva sayirini, nonse kubwalo! Ulendo uno matisheti alipodi!" Wina waigenda ndi chibuma.

Chimwala waimba foni. Ndapepesa za chibakera, wati dzino silinali lofunika kwenikweni. Kenaka wati zithunzi za mitambo zafika. Mvula yaikulu kuposa ija, kuyambira mawa madzulo mpaka Loweruka. Wakawauza a Ndondomeko. Ayitanitsa maambulera ena a alendo.

Lachinayi, 27 Febuluwale

Kwa bambo. Mzere wa matope pakhoma wandipitirira phewa. Fungo. Makabati otupa, zithunzi zomatana.

Iwo pakhonde, mutu wa makina pamiyendo, mswachi wakale ndi palafini, akuchotsa matope dzino ndi dzino. Gudumu layamba kuzungulira pang'ono, likulira ngati lili ndi mchenga. Jekete alichapa, lili pamsomali pafupi ndi chitseko, tayi m'thumba.

Ndawapempha tipite. Ndachonderera, ndakalipa, ndatchula mayi. Ati makina akangozungulira bwino tidzakambirana.

Kenaka osandiyang'ana: "A Dokotala, ndifunse. Mawa ikalira, ndivale jekete kapena ndinyamule makina? Zonse ziwiri bondo silingathe."

Zaka zonse za sukulu zija.

Mawa ikhoza kulira chifukwa mlendo wafika. Ikhoza kulira chifukwa madzi afika. Madzi akhoza kufika iyo osalira, mlendo akadali panjira. Ine sindidziwa, ndipo batani si langanso.

Sindibwerera kwanga. Ndayala katoni pakhonde pomwe mtsinje ukuoneka, nsapato sindivula. Ndawauza kuti jekete avale iwo, makina ndisenza ine, ndipo tinyamuka ndikanena ine, ilire isalire.

Ati nanga ikapanda kulira anthu adzati mwana wawo anaika chiyani pamlatho paja.

Kumtunda kwada. Madontho ayamba kugwera papepala