Kamwana Katchula Chiggy Pig

Wokondedwa mng'ono wanga Loveday,

Muli bwanji konko ku Barnstaple? Bondo lija linasiya kuvuta? Kuno ku Dundee tili bwino, kungoti mvula yatikwana.

Mwezi watha a boma anatipatsa mwana woti timlere, mtsikana wa zaka zisanu, dzina lake Posy. Mayi ake anamwalira, achibale sakudziwika. Chibwerereni anali asanalankhulepo, ngakhale kupempha madzi. Akuti akapitiriza chonchi amuchotsa kwathu akamusunge kwa madokotala, ndipo ine sindikufuna.

Loweruka alamu ako a Fergus ankasuntha matabwa onyowa kuseri kwa nyumba. Pansi pake panali tizilombo totuwa tija ta miyendo yambirimbiri, tina tikakhudzidwa timadzipinda ngati kampira. Iwo anamuitana mwanayo kuti adzaone ma slater, poti kuno amatitchula choncho. Posy ananjuta, n'kutola kamodzi, n'kuwauza mwaukali kuti si dzina lake limenelo, kameneko ndi chiggy pig.

Iwe, ndinangoti khwee pa sitepe! Dzina limenelo ndani angalidziwe kuno? Ndi la kwathu konko ku Devon basi. Ukapita ku Reading amati cheeselog, ku Cornwall gramersow. A Fergus anaseka, amvekere anthu a kumwera inu mutu sukuyenda, nkhumba yanji yopanda mchira. Ndinawauza kuti atseke pakamwa akatenge tiyi.

Nditamufunsa, Posy anati anamuphunzitsa ndi mayi ake. Ndinamuuza kuti ndiye kuti mayi akewo anali a ku Devon, ndipo inenso ndinakulira komweko. Anandiyang'anitsitsa, n'kunena kuti ndikunama, chifukwa sindilankhula ngati mayi ake. Zinandiwawa, koma sanalakwe. Mawuwo ndikuwakumbukira, lilime lokha ndi limene linasanduka la kuno. Kuchokera pamenepo wakhalanso chete.

Ndiye tabwera, Loveday. Ndikudziwa umadana ndi sitima, komanso nkhuku zakozo umaziona ngati ana, koma mwamuna wako Denzil angathe kuzidyetsa. Usavutike ndi mphatso. Udzangokhala m'khitchini n'kumalongolola monga umachitira, mwanayu amve. A boma abweranso kumapeto kwa mwezi uno.

Usakane, chifukwa ndalonjeza kale. Ndinamuuza kuti kukubwera munthu wolankhula ngati mayi ake. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse akumakokera mpando pawindo loyang'ana kumsewu.

Upereke moni kwa Denzil ndi ana. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mkulu wako,
Tamsin