Kuzira Chafutambuyo

Okondedwa amalume a Festus,

Muli bwanji ku Mvera? Kuno ku Ntchisi tilipo.

Lero pozira m'nyumba ndinakumbukira zimene munkatiphunzitsa m'kalasi: galimoto imachita "reverse", asilikali ogonja "retreat", madzi akamaphwa "recede". Munkati kachidutswa ka "re" n'ka Chilatini, kotanthauza kubwerera.

Koma mawu a mkazi wozira, wokwawa chafutambuyo mpaka pakhomo, simunatiuze. Nditatulukira panja ndinangoima, manja ali matope, mapiri akuzimirira m'nkhungu ngati maloto. M'nyumbamo munali see, mopanda phazi langa. Sindinafune kulowanso.

Bambo a Kezia ali bwino. Masiku ano sitikangananso n'komwe.

Kodi kanyumba ka malemu amayi kaja kakadali ndi denga?

Ine mwana wa mlongo wanu,
Talandira