Mpando wa Ababa Aupaka Utoto wa Boti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, mwendo wa amayi ukupepukako. Koma ine mtima suli m'malo, ndipo nkhani yake ndi mpando wosema uja agogo anabwera nawo pamutu kuchokera ku Mozambiki, womwe ababa ankakhalira mpaka tsiku lawo lomaliza.

Bambo wina wa ku Blantyre, wotolera zinthu zakale zokongoletsera m'nyumba, anauona pakhonde akuchokera ku Kachulu. Amalume anavomera kumugulitsa, kuti adzautenge Loweruka, ine osandifunsa n'komwe.

Lachisanu pochokera kumpunga ndinapeza azakhali, akazi a amalumewo, ataukwecha ndi mchenga n'kuupaka utoto wabuluu wotsala pa boti la amalume. Akuti, "Mlendo tingamupatse chinthu chakuda bii chonchija? Atiseka!"

Bambo uja atafika anangogwira pakamwa. "Mayi, kuda kuja ndi kumene ndimafuna. Woterewu ndikaupeza pamsika wa Songani." Anabwerera osakhala n'pansi pomwe.

Amalume akwiya, sakuyankhula ndi munthu. Ine ndikangodutsa pakhonde ndimaima, ndimakanda utotowo ndi chikhadabo, koma wagwira zedi.

Chonde achimwene, funsani kumeneko mankhwala ochotsa utoto osawononga mtengo, mupatsire aliyense wobwera kuno. Sikuti tiugulitse, ayi. Pamkono paja ababa ankasisita ndi chala mpaka kukumbika sipakuonekanso. Dzulo amayi anapapasa pomwepo kwa nthawi, kenako analowa m'nyumba.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Esinati